Kagalimoto ka kwa Kalekeni Kapita ku Lifupa

Chaka chimene fodya anachita bwino, a Esau Kalekeni a ku Santhe anagula galimoto. Anzawo a m'kalabu ya alimi anawalangiza kuti agule pikapu, yoti izinyamula mabelo ndi feteleza. A Esau anamva, anathokoza, nakwera basi ya ku Lilongwe. Patapita masiku awiri anatulukira ndi kagalimoto kofiira, kakafupi, kooneka ngati wina anakadula kumbuyo ndi chikwanje. Anakagula kwa mayi wina amene ankangoperekezera ana kusukulu, ndipo anawapatsira pamodzi ndi buku lake la Chingerezi, lili m'pepala la pulasitiki. Amene anayendetsa kuchokera ku Lilongwe anali dalaivala waganyu, poti a Esau sankadziwa kuyendetsa. Iwo anakhala pambali n'kumawerenga bukulo njira yonse.

"Zitseko zisanu," anatero kwa anthu amene anasonkhana pabwalo.

Anthu anawerenga. Zinapezeka zinayi.

A Esau anazungulira kumbuyo nakweza chitseko cha buti, chimene chinatsekuka pamodzi ndi galasi lake. "Chachisanu."

"Alowera pamenepo ndani?" anafunsa a Patrick, a nyumba yoyandikana nayo, amene kale ankayendetsa lole ya pa esiteti.

"Katundu."

A Patrick anatsekula kutsogolo nayang'ana injini nthawi yaitali. "Yonse ndi imeneyi?"

"Lita imodzi. Masilinda atatu."

"Lachinayi linagwa panjira?"

"Anapanga choncho. Kuti isamamwe petulo."

A Esau anapitiriza osayang'ana m'buku. Magiya asanu opita kutsogolo, imodzi yobwerera m'mbuyo. Thanki ya malita makumi atatu ndi asanu. Mipando ya anthu asanu, aliyense ndi lamba wake. Magalasi akutsogolo otsitsa ndi batani, akumbuyo opukusa ndi dzanja. Pafupi ndi wailesi panali timalo titatu totsekedwa ndi pulasitiki wakuda. A Esau anafotokoza kuti pa galimoto za mtundu womwewo koma zodula pamakhala mabatani pamenepo, ndipo kuti iwo anawerenga ntchito za mabataniwo n'kupeza kuti palibe imene ikuwakhudza.

A Patrick anavomera kuwaphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la mpira. Zinatenga masabata atatu. Vuto linali klatchi. A Esau ankaichotsa phazi kamodzin'kamodzi, galimoto n'kudumpha ngati chule, n'kuzima. Tsiku limene inavomera kuyenda anaganiza zobwerera nayo okha kunyumba. Anafika bwinobwino mpaka pabwalo, koma ataona mzati wa chigafa ukubwera anaiwala mabuleki. Anthu amene analipo amanena kuti anakoka chiwongolero ndi manja onse awiri n'kukuwa kuti "Ima!" monga amachitira ndi ng'ombe zapangolo. Galimoto inaimitsidwa ndi mzatiwo. Mwamwayi fodya anali atapita kale ku okushoni, m'chigafa munalibe kanthu.

Madzulo ake a Esau anauza akazi awo, a Malita, kuti maso awo ayamba kuvuta.

A Malita anali telala. Zaka makumi awiri anakhala akusoka mayunifomu a sukulu pa khonde la sitolo ina pa Santhe, ndi makina opondera. Tsiku lina a Patrick anawauza mocheza kuti ayeseko. A Malita anakhala pampando, anausendeza kutsogolo, anafunsa kuti chopondera chilichonse chimatani, kenaka ananyamuka bwinobwino ngati akuyamba kusoka kolala. Anazungulira bwalo kawiri, naima pamene anayambira.

"Phazi limamva lokha pamene ikugwira," anatero.

Mwezi wotsatira anapita ku Kasungu boma, kukakhala kwa mwana wawo Goodness amene amagulitsa mbewu ndi mankhwala akumunda m'sitolo, n'kumaphunzira kusukulu yoyendetsa galimoto. Anabwera ndi layisensi. Kuyambira pamenepo ntchito inagawidwa: a Malita ankayendetsa, a Esau ankadziwa.

Ankadziwa, mwachitsanzo, kuti kuchokera pansi kufika pamimba ya galimotoyo pali masentimita khumi ndi asanu ndi limodzi. Anadula kamtengo ka msinkhu womwewo n'kumakasunga pamodzi ndi buku. Msewu wakumudzi kwawo ndi wa ngolo ndi mathirakitala, mizere iwiri yokumbika, pakati potukuka. Pamalo okayikitsa a Malita ankaima, a Esau n'kutsika, kuyeza, n'kunena ngati adutsa kapena azungulira. Pena ankakumba pang'ono ndi khasu. Ankadziwanso kuti liwiro lake lonse ndi makilomita 160 pa ola, ngakhale a Malita sanapitirireko 70, ndipo pa tsiku la msika pa Santhe, pakati pa njinga, mbuzi ndi ogulitsa kaunjika, galimoto inkayenda giya yoyamba, amayi osenza madengu n'kumaipitirira. Buku linkati imamwa malita asanu pa makilomita zana. Ya a Esau inkamwa asanu ndi limodzi ndi theka. Iwo anati olemba bukulo sanafikeko ku Santhe, ndiye sangawaimbe mlandu.

Inkapita kuchigayo, kutchalitchi, kumaliro, kusikelo ndi ana a eni. Belo limodzi la fodya linalowamo kamodzi, mipando yakumbuyo atapinda, ndipo fungo lake linatuluka pa Khirisimasi.

Mu Seputembala chaka chotsatira kunabwera a Keziya, akulu awo a Malita. Iwo anakwatiwa ku Chisemphere, mudzi wa kufupi ndi malire a paki ya nyama zakutchire, kumene anthu amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka. Amuna awo, a Kondwelani, anamwalira zaka zinayi zapitazo. Chaka chimene anabweracho njovu zinali zitathyolanso mpanda n'kudya theka la chimanga chawo.

Tsiku lachitatu ali chikhalire pakhonde anayang'ana kagalimotoko nafunsa, "Alamu, aka kangafike ku Lifupa?"

"Ku Lifupa m'paki?" anafunsa a Esau.

"Kumene azungu amakaonera nyama."

"Mukatani kumeneko?"

"Ndikufuna ndikaione njovu masana. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndakhala ndikuidyetsa. Imabwera kuli mdima, timangomva mapesi akuthyoka, ife n'kumamenya zitini. Nkhope yake sindiidziwa."

A Esau analowa m'nyumba, anatuluka ndi buku ndi pensulo, nawerengera mtunda. Anapeza kuti thanki imodzi ikwana kupita ndi kubwera, bola petulo apezeke. Petuloyo anapezeka patatha masiku anayi, a Malita atakhala pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akusoka mabatani a malaya ali pa chiwongolero.

Ananyamuka Loweruka m'mawa. Pa boma anatenga Goodness, amene anakhala kumbuyo ndi amayi ake aakulu a Keziya, foni ili m'manja. M'buti munali mpunga ndi nkhuku m'kontena, chigubu cha thobwa, khasu ndi tayala la sipeya, laling'ono ngati la wilibala. Pa tala galimoto inayenda mosadandaula. Atakhotera msewu wafumbi wopita kupaki inayamba kunjenjemera pa timabampu, ndipo chilichonse chimene chinali m'kati chinayamba kulira pachokha. Mbali zonse kunali minda yopsa ndi dzuwa, zigafa zopanda kanthu, ndi anthu akuthirira nazale za fodya m'madambo.

Pa chipata cha paki mlonda wovala yunifomu yobiriwira analemba maina awo, kenaka anabwerera m'mbuyo pang'ono nayang'ana galimotoyo kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Sizinamutengere nthawi.

"Mukulowa ndi imeneyi?"

"Masentimita khumi ndi asanu ndi limodzi," anatero a Esau.

"Kwauma, mudutsa. Koma mverani. Musatsike m'galimoto. Musaimbe hutala. Mukakumana ndi njovu imani patali, injini musazimitse, ndipo musazisokose. Makamaka yokhala ndi mwana."

"Tamva," anatero a Malita.

A Keziya ankakonza duku.

M'paki msewu unachepa, mitengo inayandikana. Akashembe analowa pa mawindo, mmodzi naluma a Esau pakhosi. Anatseka magalasi onse, a Malita nayatsa choziziritsa mpweya. Koma pa mchenga galimoto inkafooka choziziritsacho chikamagwira ntchito, choncho ankachizimitsa, kudutsa, n'kuyatsanso. Anaona agwape, anyani, ndi njiri zitatu zothamanga michira ili m'mwamba. A Keziya anati anyaniwo akuwadziwa kale.

Atayenda pafupifupi theka la ola, msewu unakhota n'kutsetserekera pa kamtsinje kouma. A Malita anaponda mabuleki. Kutsidya kwake, mtunda wosaposa kutalika kwa chigafa chimodzi, njovu zinali kudutsa. Zinayi zinadutsa osatembenuka. Yachisanu inaima pakati pa msewu, ndipo pansi pa mimba yake panatuluka kamwana, kofika m'chiuno mwa munthu, kakuponda chitamba chake chomwe.

Injini yokha inkagunda pang'onopang'ono.

"Ife tonse, ndi galimoto, ndi mpunga, tingakwane tani imodzi ndi pang'ono," ananong'ona a Esau. "Iyo ndi matani atatu kapena anayi."

"Khalani chete, bambo a Goodness," anatero a Malita.

Kenaka kumbuyo kunamveka kulira kwa chopukusira galasi. A Keziya anatsitsa galasi lonse, natulutsa mutu. Akakwiya ankayankhula Chitumbuka cha kwa amuna awo.

"Iwe! Ndiwe ukamara vingoma vyane?"

"Amayi aakulu!" anatero Goodness, akuwakoka chitenje.

"Ndikungoifunsa ngati ndi iyo inamaliza chimanga changa. Iyankhe."

Njovu inatembenuka. Inatambasula makutu, inakweza mutu, ndipo mwadzidzidzi msewu wonse unadzaza ndi iyo. Inaponya phazi limodzi kutsogolo, fumbi linabuka. Kenaka inayamba kubwera.

A Malita anaponda klatchi nalowetsa giya yobwerera. Potembenukira panalibe. Msewu unali mizere iwiri, mbali zonse mitengo ndi zitsa, ndipo kumbuyo kwawo kunali chitunda chokhota chimene anali atangotsika. Anayang'ana pa kagalasi kam'kati naona duku la a Keziya lokhalokha.

A Esau anamasula lamba, chinthu chimene sanachitepo galimoto ikuyenda. Anagwada pampando kuyang'ana kumbuyo.

"Alamu, weramani! Goodness, werama! Tiyeni, amake Goodness. Kumanja."

"Kumanja kwa ndani?"

A Esau anaganiza mofulumira. "Kwa akulu anu! Pang'ono. Basi. Tsopano kwa Goodness. Kwa Goodness! Wongolani. Pondani moto."

Kagalimoto kanakwera chitunda chambuyo kakulira mokweza ngati makina osokera opanda mafuta. A Malita sanayang'ane kumbuyo ngakhale kamodzi. Maso awo anali pa njovu, makutu kwa amuna awo, manja akuchita zimene akuuzidwa. Njovu inawoloka kamtsinje kaja mongoponda katatu kokha. Inali pafupi moti ankaona ntchentche pa maso pake.

"Kwa akulu anu. Chitsa icho. Kwa akulu anu kwambiri!"

Pansi pa galimoto panamveka kukhuluzika, kenaka china chake chinathyoka n'kutsalira. A Malita sanachotse phazi. Atakhota pa ngodya paja njovu inaima, inalira kamodzi mpaka magalasi ananjenjemera, inathyola nthambi ya mtengo n'kuiponya pansi. Inawayang'ana kanthawi, kenaka inatembenuka kubwerera kwa mwana wake.

"Yabwerera," anatero a Esau.

A Malita anapitirizabe kubwerera m'mbuyo.

"Amake Goodness, yabwerera. Imani."

Anaima patapita mitengo ina khumi. Phazi lawo lamanzere linaterereka pa klatchi, galimoto inadumpha n'kuzima. Aka kanali koyamba kuwazimira chiyambire. A Esau anakhala pansi bwinobwino, anamanga lamba, anatsekula botolo la madzi nawapatsa. Anadikira mpaka atamwa.

"Mwayendetsa," anatero.

"Mwaona njira ndinu," anatero a Malita, naliza injini.

Kumbuyo a Keziya anadzuka, anakonza duku, natseka galasi mwakachetechete. Goodness anali akadali pansi pakati pa mipando. Foni yake inali itajambula zonse: mphindi ziwiri za denga la galimoto, ndi mawu a bambo ake.

Anadikira pafupifupi ola. Atayambanso kuyenda anapeza chimene chinathyoka chili pakati pa msewu, chipulasitiki chakuda chotchinga injini kunsi. A Esau sanafune kuchisiya, komanso sanafune kuswa lamulo la mlonda. A Malita anaimika galimoto pambali pake, iwo anatsekula chitseko pang'ono nachikoka ndi ambulera ya a Keziya. Anachigwirizira pamiyendo mpaka ku Lifupa.

Ku Lifupa kunali damu lalikulu, nyumba zofolera udzu za alendo, ndi mvuu zimene zinkangoonetsa makutu ndi mphuno. Wantchito wina anawalozera pamthunzi poti akhale. A Esau anagona chagada pansi pa galimoto nayang'ana nthawi yaitali, kenaka anatuluka n'kulengeza kuti oyilo sakudontha. Anapempha waya kwa wantchito uja, nabwerera pansi pomwepo. Goodness anapita kukafuna pamene foni ingagwire.

A Malita ndi a Keziya anakhala pa chitenje kuyang'ana madzi. Mpunga unali utazizira.

"Mukanatiphetsa, achemwali," anatero a Malita.

"Ndikudziwa."

"Ndiye munachitiranji?"

A Keziya anatafuna kaye. "Bambo a kwathu aja ankagona m'kansasa kumunda mvula iliyonse, kulondera chimanga. Chifuwa chinayambira kumeneko. Ndimati ndikaiona njovuyo ndidzaiuza zonse. Ndinakonza mawu ambiri, Malita, kuyambira pamaliro. Koma nditatsitsa galasi linatuluka la chimanga lokha."

A Malita anawathirira thobwa m'kapu.

"Unaiona nthiti?" anafunsa a Keziya.

"Ndimayang'ana minyanga."

"Nthiti zonse zili pamtunda. Khungu likulendewera ngati jekete lobwereka. Ine ndimaganiza kuti ndipeza chinthu chonenepa." Anagwedeza mutu. "Chimanga chonse chija chinapita kuti?"

"Ikuyamwitsa."

"Eya," anatero a Keziya. "Ndinaona."

Sanayankhulenso za njovu. Anakamba za denga la a Keziya limene linkadontha, ndi za mwana wawo wa ku Mzuzu amene samaimba foni. Dzuwa litapendeka gulu lina la njovu linatsikira kudzamwa madzi kutsidya kwa damu, kutali, zazing'ono ngati mbuzi. A Keziya anaziyang'ana mpaka zinachoka. A Esau anatuluka pansi pa galimoto malaya ali fumbi lokhalokha, nadya nkhuku imene anawasungira ali chiimire.

Pobwerera sanakumane ndi kanthu koma anyani omwe aja. Pa chipata mlonda anafunsa ngati aona nyama.

"Taona," anatero a Esau.

"Njovu?"

"Imodzi tinaiona bwino."

Anasiya Goodness pa boma, nafika ku Santhe dzuwa likulowa. A Patrick anabwera kudzamva za ulendo. Atamva anagwada, anasuzumira waya uja kunsi, nanena kuti pa lole zotere sizikanachitika. A Malita anawafunsa ngati lole ikanakwana pakati pa zitsa zija chambuyo. A Patrick anati zimatengera dalaivala, ndipo anatsanzika.

A Keziya anakhala masiku ena awiri, nabwerera ku Chisemphere pa minibasi. Mvula inabwera mochedwa koma inagwa bwino. Kumayambiriro kwa Malichi, a Malita ali pa makina awo pa Santhe, foni inalira.

"Zabwera," anatero a Keziya. "Lachiwiri. Zadya kuyambira kuchulu mpaka kumango."

"Kwatsala chiyani?"

"Mizere ya kufupi ndi nyumba. Ndi mtedza, sizinaupeze."

"Inu muli bwino?"

"Ndili bwino. Ndinamenya chitini pang'ono, kenaka dzanja linatopa. A paki abwera dzulo, akuti akonza mpanda. Anati zinali zisanu ndi kamwana. Akuti kakuthyola kokha mapesi tsopano."

Loweruka lake a Malita anapinda mipando yakumbuyo, nalongeza matumba awiri a chimanga chakale, malata atatu ofupika a pakhola lakale la nkhuku, ndi misomali. A Esau anali pakati pa kusoka fodya m'chigafa, sakanachoka. Anawaperekeza mpaka pa msewu waukulu, akuyenda pansi kutsogolo kwa galimoto m'matope, nawalozera poponda matayala. Pa tala anaima, anapukuta galasi lakutsogolo ndi chipewa chawo, nawauza kuti akafika aimbe.

Anaimba itangokwana 2 koloko masana. Anati afika bwino, ndipo akulu awo akwera kale padenga.